Mfuti Yosalira ndi Chimanga cha aNangozo

Ikani kaye mafoni anuwo pansi, ana inu. Iwe Tadala, ndakuona wangoivundikira pantchafu, ine ndati pansi. Mphatso, tseka zenera lakumtundalo, mphepo ya kumapiri a Ngong kuno imandilowa m'mafupa ngati ndinaipalamula. Kuyambira m'mawa mwakhala mukundifunsa kuti bwanji mvula yagwa koma agogo sanatuluke ndi khasu, mpaka mwakandigulira kapaketi aka ka mbewu yopaka utoto wofiira. Zikomo, ndalandira. Kaikeni patebulopo. Ndikuuzani chimene chandikhazika pansi, koma musandidule pakamwa monga mumachitira ndi mayi anu.

Agogo anu aakazi, aNangozo, simunawadziwe. Iwe Tadala anakuberekapo kumsana ulendo umodzi, iwe Mphatso unali usanabadwe n'komwe. Anali mayi wamfupi, wosachulutsa mawu, koma pankhani ya mbewu analibe chibale. Chimanga chimene tinkalima kwathu ku Ntcheu sichinali chogula. Anachilandira kwa amayi awo chaka chimene ndinakalowa chikamwini, amayi awowo anachilandiranso kwa amayi awo. Chinali cha makolo, cha njere zolimba ngati timiyala, zoyera, koma mwa apo ndi apo mumapezeka njere yofiirira. Ukachikonola mumtondo sichinkaphwanyika, mphale yake inkatuluka yathunthu. Kaya mtondo mumaudziwa inu? Mumangodziwa ufa wa m'mapepala uja mumati wa ugali, wosanunkhira kanthu.

Tikakolola, chimanga chisanalowe m'nkhokwe, aNangozo ankakhala pamulu n'kumasankha. Ankafuna chachikulu, chodzaza mpaka kunsonga, chosaboola mbozi. Ankachimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe, n'kuchipachika kudenga la khitchini, pamwamba penipeni pa mafuwa. Chinkakhala pamenepo chilimwe chonse mpaka kuda bii ndi mwaye. Ine sindinkafunsa chifukwa chake. Inali ntchito yawo, ine yanga inali khasu.

Chaka china cha njala, mayi anu Chikondi ali kamtsikana, tinadya gaga, tinadya nthochi zosakhwima zophika, mpaka zonsezo zinatha. Tsiku lina ndinaimirira kuti ndikatsitse chimanga cha kudenga chija. Ndinapeza aNangozo ataima pakhomo la khitchini, munsi uli m'manja. Sanakuwe ayi. Anangoti, "Abambo a Chikondi, mukachitsitsa chimenecho, mvula ikagwa mudzabzala chiyani, zala zanu?" Ndinabwerera kukakhala pakhonde. Tinagona ndi njala, mbewu ili lende pamwamba pathu.

Atamwalira ndinakhala ndekha m'nyumba muja mpaka ndinayamba kuyankhula ndi nkhuku. Mayi anu anati ayi, mubwere ku Nairobi. Tsiku lonyamuka ndinalowa m'khitchini, ndinapeza zimanga zotsiriza zimene anapachika ndi manja awo zikadali pomwepo. Ndinazitsitsa, ndinazitong'ola, njerezo n'kuzimanga m'kansalu, kansaluko n'kuika m'thumba la m'kati la jekete. Ndege ndinakana. Ndinabwera pa basi, kudutsa Songwe, Mbeya, dziko la Tanzania losatha lija, mpaka miyendo inachita dzanzi ndipo mapazi anatupa osalowanso m'nsapato. Njira yonse dzanja langa linali pachifuwa. Mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi ankaganiza kuti ndikudwala mtima, anandipatsa madzi.

Kuno moyo wake mukuudziwa. Mayi anu amanyamuka kusanache kuti akafike ku ofesi ku Upper Hill magalimoto asanathithikane, bambo anu chimodzimodzi, inu kusukulu. Ine ndinkatsala ndi wailesi yakanema yoyankhula zinenero zimene sindimva. Miyezi yoyambirira ndinkangoyenda kuchoka pageti kufika pathanki ya madzi, kubwereranso pageti. Kenako ndinaona kuti kadanga kaja ka pakati pa thanki ndi mpanda kali ndi dothi lofiira ngati la kwathu. Ndinapempha khasu. Anandigulira lija amati jembe, la mpini wowongoka wopweteka msana, komabe linalima. Mvula ya kuno imagwa kawiri pachaka ngati yosokonekera mutu, ndiye ndinafunsa anthu kuti yaitali ndi iti, n'kudikira imeneyo. Itagwa ndinabzala theka la njere zija, theka ndinasunga.

M'mawa mwake ndinapeza mapando ofukulidwa. Agologolo. Kwathu gologolo akaona munthu amathawira kutali, koma a kuno ndi amwano, amakhala pampanda n'kumakuyang'ana m'maso. Anatsata mzere wonse phando ndi phando ngati ankandionerera pobzala. Ndinabwerezanso ndi theka lotsala lija, n'kuphimba ndi nthambi za minga mpaka chinamera. Kuyambira tsiku limenelo, mumve bwino, m'kansalu muja simunatsale njere ngakhale imodzi. Chimanga chonse cha aNangozo chimene chinalipo padziko lapansi chinali chitaima paseli pa nyumba ino.

Chinakula, ana inu. Munachiona nokha, chinapitirira thanki. Ndinkati ndikalowa pakati pake, masamba akundikanda m'mikono, ndinkaiwala kuti ndili kudziko la eni. Koma ndinkadziwa kuti akuba aja akudikira kuti chibereke.

Kwathu munda sitinkausiya wokha. Chimanga chikayamba ndevu tinkamanga nsanja pakati pa munda, ana tinkakwera pamenepo kuyambira m'mamawa. Tinkamanga zitini pachingwe kuzungulira munda wonse, ukakoka chingwe munda wonse unkalira. Tinkakuwa mpaka mawu kusasa, tinkaimba, tinkatukwana anyani ndi mayina a anthu amene tinkadana nawo. Bambo anga, agogo a mayi anu, anali ndi mfuti ya gogodela, yothira wonga kukamwa n'kutsindira ndi chitsulo. Mfuti imeneyo pamoyo wanga wonse sindinaione itapha kanthu. Ankalozetsa ku phiri, n'kutsinzina, n'kukhethemula. Inkalira mpaka agalu a mudzi wachitatu kuyamba kuuwa, utsi tolo, iwo n'kugwa chagada m'mizere. Khutu lawo lakumanja linagontha nayo. Koma ikalira tsiku limodzi, anyani ndi nguluwe ankatha sabata osaponda m'munda mwathu. Munda tinkaulondera ndi phokoso.

Ndiye inenso ndinatola zitini za mafuta ophikira ndi za mkaka, ndinaikamo timiyala, ndinazimanga pachingwe. Kukacha ndinkakhala pampando wanga n'kumakoka, n'kumakuwa. Zinkathandiza. Inu munkaseka, Tadala mpaka unandijambula n'kutumizira anzako, usaganize kuti sindinadziwe.

Tsiku lina kunabwera Mama Njeri, wa nyumba ya kuseri kwa mpandayo. Ndi namwino, amagwira ntchito usiku, masana ndiyo nthawi yake yogona. Sanabwere mwaukali. Anaima pageti maso ali psuu, atavala malaya ogonera, n'kuyankhula Chiswahili chambiri mofatsa. Ine ndinangotolapo mawu awiri, mzee ndi kelele. Madzulo mayi anu anandimasulira kuti mzee ndi mdala, kelele ndi phokoso, ndipo mayiyo watha masiku osagona.

"Ababa," anatero mayi anu, "kuno munda salondera ndi zitini. Tikhala bwanji ndi anthu?"

Ndikanati chiyani? Munthu wosamalira odwala usiku wonse ndimulande tulo chifukwa cha chimanga? Ndinamasula zitini zija ndekha.

Ndinati nditchere diwa, lija la mwala wophwanya, mayi anu anati lidzapha kagalu kanu kogona pasofa. Mankhwala ndinakana ndekha, pakhomo pali ana sathirapo poizoni. Ndinapanga legeni ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndili mnyamata njiwa sindinkaiphonya, koma manja awa tsopano amanjenjemera ngakhale pogwira kapu ya tiyi. Mwala woyamba unakagwa padenga la malata la Mama Njeri yemweyo. Legeni ndinaiponya m'dzala.

Apa m'pamene bambo anu, mkamwini wanga, anabwera kudzakhala pambali panga. Ndi munthu waulemu bambo anuwa, zimenezo ndisawalande. Anati, "Ababa, masiku ano kuli mfuti zosalira. Tiyeni Loweruka tikaone." Ndinaseka. Ndinati mfuti yosalira ndi ndodo imeneyo. Koma Loweruka ndinavala jekete.

Sitoloyo ili m'tauni, ya chitseko chachitsulo, sulowa mpaka akuone kaye. Wogulitsa anali bambo wa ndevu zoyera. Iye ankayankhula Chingerezi, bambo anu n'kumandimasulira zimene zandidutsa. Anayamba ndi kundifunsa kuti chikundivuta n'chiyani. Nditati agologolo, anagwedeza mutu, n'kundichenjeza kuti apusi ndi nyama zina zotere ndi za boma, zimenezo osaziloza n'komwe. Kenako anayala mfuti zitatu patebulo.

Yoyamba anati ndi twente-thu. Imeneyo ndi mfuti yeniyeni ya wonga, kachipolopolo kake kochepa ngati mtedza. Nditaigwira, fungo la mafuta ake linandikumbutsa bambo anga, mtima unaifuna. Koma ndinafunsa funso limodzi: ndikaphonya, chipolopolocho chikagwa kuti? Anati chimadutsa nyumba zambirimbiri, ndipo chikamenya mwala chimanjanja n'kulowera kumene sunaloze. Ndinaganiza za kuseri kwa mpanda wathu, kumene ana a eni amasewera pansi pa zingwe zoyanikira zovala. Iye mwini anati imeneyo ndi ya kumafamu, osati pakati pa nyumba za anthu. Ndinaibweza.

Yachiwiri inali ya mpweya, zija kwathu tinkati zophera mbalame, yoti uithyole pakati ndi mphamvu kuti ikoke sipuling'i. Ndinaitsamiritsa pabondo, ndinakoka, ndinakokanso. Sinathyoke. Ine amene ndinkagwetsa mitengo ya tsanya ndi nkhwangwa. Bambo anu anayang'ana kumbali ngati akuwerenga zolembedwa pakhoma, ndipo ndinawathokoza mumtima. Wogulitsa anati ngakhale ikanatheka, imeneyo imalira ngati wamenyetsa chitseko cha malata.

Yachitatu inali ya mpweyanso, koma yopopa ngati tayala la njinga, ya kagalasi koyang'anira pamwamba. Wogulitsa anatitengera kuchipinda chakumbuyo, anaika kanjere ka mtovu m'mfutimo, analoza thabwa. Ine ndinatseka khutu ndi chala n'kumadikira.

"Awombe tsopano," ndinauza bambo anu.

"Awomba kale, Ababa."

Kamvekedwe kake kanali ngati munthu walavula khoko la nzimbe. Ndinafunsa kuti nanga agologolo enawo adziwa bwanji kuti mnzawo wawomberedwa? Wogulitsa anaseka, anati ubwino wake ndi umenewo, sathawa, umangowatola mmodzimmodzi. Ine sindinaseke. Koma ndi yokhayo imene ikanalola Mama Njeri kugona, ndiye tinasankha imeneyo.

Musaganize kuti tinabwera nayo tsiku lomwelo. Kuno ngakhale ya mpweya imafuna chilolezo. Bambo anu anayenda m'maofesi, kupita, kubwera, kudikira. Chimanga sichidikira ofesi. Chinamasula ngayaye, chinatulutsa ndevu, chinayamba kukhwima. Ine ndinkakhala m'munda ndi kandodo, n'kumakupiza manja mwakachetechete ngati wansembe wodalitsa anthu. Agologolo anandizolowera. Ankakwera phesi, kusenda makoko, kudya kunsonga, n'kusiya chotsalacho kuti mbalame ndi mvula zimalize. Ndikathamangira uku, iwo ali uko. Mawu oti ndikuwe ankafika pakhosi, ine n'kuwameza.

Mfuti inabwera theka la munda litatha. Ndiye kunapezekanso kuti woigwiritsa ntchito ndi yekhayo amene dzina lake lili pachilolezo, ndipo izikhala yokhomeredwa m'bokosi lachitsulo. Sindinadandaule kwambiri, chifukwa bambo anu atandilola kusuzumira m'kagalasi kaja ndinangoona nkhungu. Ng'ala iyi yandidya maso. Choncho mlonda wa munda anakhala munthu wochoka kusanache n'kubwera kutada, wopezeka Loweruka ndi Lamulungu tikachoka kutchalitchi.

Amatha kuloza bambo anu, ndinadabwa. Loweruka loyamba anagwetsa gologolo pa phesi lapakati. Anagwa phi. Mnzake anali pa phesi loyandikana nalo. Anaima pang'ono, anayang'ana pansi, n'kupitiriza kudya. Palibe chimene anamva. Bambo anu anapha angapo masiku amenewo, koma agologolowo amachokera kuthengo la kumtsinjeko, ndipo sakutha. Lolemba mpaka Lachisanu munda unali wawo. Ndinkakumbuka gogodela ya bambo anga yosapha kanthu ija, misozi n'kumalengeza.

Pomaliza ndinasiya munda wonse, ndinakokera mpando pa mapesi ochepa a pafupi ndi thanki. Ndinkakhala pamenepo kuyambira kukucha mpaka dzuwa kulowa, chakudya ankandisiyira m'kontena. Zimene ndinapulumutsa ndinazinyamula ndi dzanja limodzi. Koma zinali zabwino, zodzaza mpaka kunsonga, njere yofiirira ija ilimo. Mphatso ukukumbuka unalira kuti ndikuwotchere chimodzi? Unati agogo ndi owuma mtima. Ndinkafuna kukupatsa, mwana iwe, koma ndinaona aNangozo ataima pakhomo ndi munsi.

Nditaziumitsa padzuwa ndinazimanga ndi makoko ake monga ankachitira iwo. Mayi anu anati, "Ababa, bwanji tizitong'ole tiike m'botolo lotseka bwino, kapena mufiriji?" Ndinakalipa. Ndinati mbewu ya amayi ako sinalowepo mufiriji ngati nyama, malo ake ndi pamwamba pa moto. Mayi anu sanalimbane nane. Bambo anu anakhoma msomali kukhitchini, pamwamba pa chitofu cha gasi, ndinapachika pamenepo. M'mawa uliwonse ndikamakatenga tiyi ndinkaziyang'ana n'kunena chamumtima kuti mwadzuka bwanji aNangozo. Miyezi inadutsa zili zoyera mbee, ndipo ine ndinkakondwa kuti kuno mbewu imakhala yaukhondo, siida ngati kwathu.

Zaka zonse zija ndinkaona chimanga chakuda ndi mwaye, ndinkayesa kuti chimene chimasunga mbewu ndi moto. Si moto, ana inu, ndi utsi. Utsi wa nkhuni ndi umene unkathamangitsa tizilombo. Moto wa gasi, wobiriwira uja, ulibe utsi. Umangofunditsa, ndipo pofunda ndi pamene anankafumbwe amaswana bwino.

Dzulo mitambo itayamba kuda kumapiriko, ndinakwera pampando kuti nditsitse mbewu yanga. Nditangoigwira ndinadziwa. Inapepuka ngati mapepala. Ndinasenda makoko, ufa unathothoka, tizilombo takuda tinayamba kuyenda m'manja mwanga. Pafupifupi njere iliyonse inali ndi kabowo. Mayi anu anaima pakhomo atagwira pakamwa. Anati kwa nthawi yaitali akhala akupukuta kaufa koyera pachitofu m'mawa uliwonse, ankayesa ndi ufa wotayika pophika.

Ndinawapempha kuti aimbire foni kumudzi, kwa mng'ono wawo wa aNangozo. Ndinati mlamu, chimanga chija cha amayi anu, alipo amene anasungako? Anati, "Alamu, chimenecho ndani akulimabe? Tonse tinalowa cha makuponi. Ife tinkati chili ndi inu." Ndinafunsa za khitchini ija, mwina kudenga kunatsalira kanthu. Anati inagwa ndi mvula chaka chatha, ana anatola mitengo yake n'kusonkhera moto.

Ndiye mukandifunsa kuti bwanji sindinatuluke ndi khasu, yankho ndi limenelo. Mtima ukundipweteka, sindikubisirani. Ndinatha nyengo yonse ndikusankha mfuti yoti iphe wakuba wamchira amene ndinkamuona pampanda, pamene wondimaliza ndi wochepa kuposa njere ya mpunga, woti palibe mfuti ingamuloze. Agogo anu anasunga mbewu imeneyi m'chaka cha njala, mwana akulira m'nyumba. Ine yandithera m'nyumba yodzaza chakudya. Ndinkati ndidzakusiyirani kanthu kochokera kwathu koti mukagwire ndi manja, chifukwa Chichewa chanu chomwe ndi chopindika, ndipo kumudziko simukudziwa ngakhale njira ya kumanda. Mfutiyo muwauze bambo anu aibweze kumene inachokera. Ilibenso choti ilondere.

Mbewu yanu yofiirayo mukhoza kubzala, ibereka, mwinanso kuposa yathu. Kungoti chaka chamawa mudzakagulanso ina, imeneyo sasunga.

Tsopano pali chimene ndakuitanirani. Tadala, pita ukatunge madzi m'kapu ya galasi ija, yoonekera m'kati. Mphatso, bwera kuno, masula kansalu aka, n'komwe kaja ndinabwera nako pa basi. Dzulo ndinapapasa njere zonse imodziimodzi ndi zala, ndipo izi zochepazi ndi zimene sindinamve bowo. Agogo anu ankati akakayikira mbewu ankaithira m'madzi. Yamoyo imamira, yodyeka m'kati imayandama. Ndikanayesa ndekha m'mawa, koma maso angawa sangaone, ndiponso ndinachita mantha.

Ika kapuyo apa, poyera. Thira zonse, Mphatso, usasiyeko. Dikirani madzi akhazikike.

Tsopano yang'anani pansi pa kapu. Tadala, usayang'ane ine, yang'ana m'madzimo. Yamirapo?

Usandinamize, mwana iwe. Ndamva mmene wapumira. Gwedeza pang'ono, mwina ina yangokodwa ndi zinzake. Nanga yofiirira ija?

Zonse zili pamwamba.

Chabwino. Musazitaye kusinki, agogo anu sankalola mbewu kupita kudzala ngakhale yofumbwa. Tadala, nyamula kapuyo bwinobwino. Mphatso, kanditengere jembe lija paseli pa thanki, undigwire dzanja potsika masitepe. Tikakumbe phando limodzi.